Nyanga Zopululira Azitona

Sfax, Lamulungu, 15 Sepitembala 1985

Okondedwa amake Nizar,

Mtendere ukhale nanu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, ana ndi abambo. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja ka fungo la pulasitiki, koma kakuchepa. Monia mwana wanga, werenga pang'onopang'ono kuti amayi ako amve zonse, usamadumphe mizere.

Lachinayi pa 12 ndatumiza pa positi madinari 45. Makumi atatu ndi a pakhomo, khumi a mabuku ndi nsapato za ana poti sukulu ikutsegulidwa, asanu mupatse abambo agule tiyi ndi fodya wawo.

Idi ya nkhosa inandipeza kuno, ndipo maganizo onse anali pa khonde lathu. Ndikudziwa kuti pano anthu abweretsa kale nyanga za nkhosa zawo, ndipo abambo ayatsa moto pansi pa mphika wawo wakuda uja. Nditatseka maso ndimawaona akuwiritsa nyanga kuti ifewe, akuidula, akuipala ndi kampeni, munthu atakhala pa benchi dzanja lili pa bondo lawo. Zala zitatu, nyanga zitatu, aliyense muyeso wake. Kodi mukukumbukira chaka chimene munalowa m'banja mwathu? Munachita manyazi kupereka dzanja kwa apongozi anu, iwo nkumati, "Bweretsa kuno, Ghalia, azitona sadziwa manyazi. Ukawapulula ndi zala zokhazokha, pofika madzulo ukhala ukulira." Zanu anatemapo mphini zitatu kuti zisasokonezeke m'dengu. Zawo ndi za mphini imodzi, za malemu amayi Hadda mphini ziwiri.

Za amayizo mukudziwa kuti ndinabwera nazo kuno atangotisiya, ndimazisunga m'kansalu. Lachiwiri ndinaziiwala m'thumba la jekete, ndipo popuma masana zinagwa pansi mu shedi imene timagwiramo ntchito. Ferjani, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, anazitola nkuyesa kuvala, zinangothera pa chikhadabo.

"Iwe Lazhar, anzathu amasunga chithunzi cha mkazi, iwe ukusunga zotsala za nkhosa?"

Anthu anaseka. Koma abwana athu, a Si Ridha, sanaseke. Anati, "Tabwera nazo kuno." Anazitembenuza nthawi yaitali mpaka tiyi wawo anazizira.

"Amavala izi ndi anthu angati?"

Ndinati aliyense wokolola azitona, bwana.

"Ndiye dziko lonse limadikira tsiku lopha nkhosa, kamodzi pachaka, kuti lipeze chokololera? Ife tikutha mphamvu kupanga zipeso ndi zigwiriro za ndowa?"

Andipempha kuti ndiwabwereke sabata imodzi. Ndavomera. Wokulemba ntchito akapempha kukana kumavuta, komanso mtima unanyada kuona munthu wamkulu wa m'tauni akusilira ntchito ya abambo. Iwo musawauze kaye, ndikufuna adzaone okha.

Mbuzi yoyera ija musagulitse mpaka mvula igwe.

Ndine mwamuna wanu,
Lazhar

Sfax, Lamulungu, 3 Novembala 1985

Okondedwa amake Nizar,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndinalandira pa 21 Okutobala, ndayamika Mulungu kuti malungo a Nizar anatha. Ine ndili bwino, kungoti tulo tikuchepa.

Chinthu chija chatheka. Tinadinda nyanga zitatu zija mu mchenga wonyowa, m'maenje otsalawo tinathira chitsulo chosungunuka, kenako ine ndi a Si Ridha tinakhala milungu itatu tikupala mpaka chikombole chinasalala. Lolemba pa 28 makina anatulutsa nyanga zoyamba za pulasitiki, zachikasu, zotentha ngati buledi. Ferjani anavala zisanu ndi imodzi nkumavina nazo, akulira ngati nkhosa. Tikugulitsa zitatu pa mamilimu 250, kotala ya dinari. Abambo amalandira theka la lita ya mafuta pa zitatu, ndiye mukuona nokha kusiyana kwake. Ogulitsa m'misika akufola pakhomo. Andiwonjezera madinari 8 pamwezi, nchifukwa chake ulendo uno mulandira 53.

Pali kanthu kena. Mchenga uja umafunika kupsinja ndi nyundo yamtengo, ndipo nyanga za amayi zinali zakale, zouma. Ya chala chapakati ija... Ferjani sanachite dala, anapepesa mpaka misozi. Zidutswa ndasunga zonse. Izi zikhale pakati pathu. Monia, wamva?

Ndapatsa Hedi wa matola kaphukusi ka abambo, muli nyanga zitatu zachikasu, zoyambirira kutuluka. Muwapatse atatha kudya, muone nkhope yawo, mudzandilembere zimene adzanene, mawu ake enieni.

Chondiwawa ndi chakuti kukolola kwa chaka chino sindibwera. Makina sakuima, ndipo abwana akuti wodziwa chikombole ndine. Muitane msuweni wanga Salah agwire mbali yanga, mudzampatse malita khumi. Koma mtengo wa agogo uja ndi umene ukundisowetsa mtendere. Chiyambire, woyamba kuupulula ndi abambo, wachiwiri mwana wamwamuna, kenako ena onse amwazikire m'munda. Zaka zonse ndili kuno sindinaphonyepo tsiku limenelo. Muwafotokozere bwino.

M'mawa ndikamapita kuntchito kukuzizira, ndimakumbuka kudzuka kwathu kusanache, ufa wa balere wokazinga wokandidwa ndi mafuta atsopano, nsalu zoyala pansi pa mitengo, ndi amayi ali pamwamba pa makwerero akuimba, azitona akugwa ngati mvula yoyamba. Anali aang'ono thupi koma palibe ankawapambana. Kuno nyanja ili pafupi, anthu amaitama, koma ine fungo lake silinandilowebe.

Ndine wanu,
Lazhar

Sfax, Lamulungu, 19 Januwale 1986

Amake Nizar,

Mtendere. Ndamva kuti mwakolola bwino, malita 310, Mulungu atamandike. Mugulitse 100 okha, ndipo osati pansi pa mtengo wa chaka chatha. Ine ndili bwino.

Kaphukusi kaja Hedi anabwerera nako kuno pa 9 Novembala, kosatsegula. Mfundo yake inali yomwe ija ndinamanga ine. Ndakhala nthawi yonseyi osalemba chifukwa cholembera chimandilemera.

Sindikukudzudzulani. Anakufunsani kuti, "Anapangira pa nyanga za yani?" ndipo inu simukanatha kunamiza munthu wamkulu. Za yosweka ija akuti anamva kwa Hedi, amene anamva kwa Ferjani. Pakamwa pa dalaivala sipakhala chitseko. Mwalemba kuti anangonyamuka nkukakhala kuseri kwa khola, ndipo tsiku la mtengo wa agogo anapulula okha, atatsika nkuuza Salah kuti, "Kwera, poti ena ali ndi nkhosa zachikasu zoti awete." Mawu amenewa ndawawerenga kambirimbiri.

Kuno nyanga zija zayenda kuposa mmene tinkaganizira. Sipanathe mwezi a Mongi, a shedi yoyang'anana nafe, anatulutsa zawo zobiriwira. Anangotuma munthu kudzagula zathu zitatu, nkuzidinda mu mchenga wawo. Ine ndinapsa mtima, ndinkayesa abwana apita kupolisi. Madzulo ake ndinawapeza awiriwo akumwa khofi tebulo limodzi.

"Wakuba iwe," akutero a Si Ridha, "ngakhale mtundu wokha unalephera kuba bwino? Zobiriwira zikagwa m'masamba adzazipeza ndani?"

"Zikasowa adzagula zina, m'bale wanga. Kodi sukulu ya malonda unaithawira pawindo? Ndipo fanelo yanga ya chaka chatha ija, unaiona kumaloto?"

Khofi analipira a Mongi. Ndi mmene amakhalira anthu a msewu uno. Chimene mnzako wapanga m'mawa, iwe madzulo wachipanga, ndipo mawa uyenera kudzuka ndi china. Pano mashedi opanga nyanga alipo anayi.

Madinari asanu a abambo musasiye kuwapatsa. Akakana muziika m'chitini chawo cha tiyi.

Lazhar

Sfax, Lamulungu, 22 Juni 1986

Okondedwa amake Nizar,

Ndinafika bwino pa 11, matola anangophulika tayala kamodzi. Zikomo chifukwa cha tsabola wosinja ndi mafuta, Ferjani wadya kale theka ndipo akuti ndikuuzeni kuti mukadakhala ndi mng'ono wosakwatiwa akanasiya fodya.

Za masiku atatu a Idi yotsekera kusala aja sindilemba zambiri, munalipo. Munthu kumpsompsona dzanja bambo ake, iwo nkuyankha moni ngati akuyankha wogula mazira, kenako nkufunsa mpongozi wawo kuti, "Mlendoyu wadya?" Ndikadakonda akadandikalipira. Nditafika kuno ndinapeza m'thumba la jekete kansalu, muli madinari 35. Ndi asanu asanu aja a miyezi isanu ndi iwiri, sanagwiritsepo ngakhale limodzi. Ndawabweza pamodzi ndi 53 a mwezi uno. Muwagulire nduwira yatsopano ndi mankhwala a maso, munene kuti zachokera kwa mchimwene wanu. Ndinaona kuti pothira tiyi amayamba apapasa kapu.

Benchi ija ndinaiona yaikidwa mbali ya nkhuku. Sindinafunse.

Kuno kwabwera mlendo. Ndi mayi wa ku yunivesite, dzina lake a Najet, wamng'ono kwa inu, amayenda ndi chikwama chachikulu ndi nsapato zafumbi. Akuti akuchita kafukufuku wofuna kudziwa chifukwa chake mzinda uno ukukwera pamene madera ena angoima, komanso mmene chinthu chatsopano chimabadwira ndi kuyenda. Akulowa shedi iliyonse, kufunsa kuti muli antchito angati, munayamba liti, munaphunzira kwa yani. Poyamba anthu ankayesa ndi wamsonkho, a Mongi anabisa makina awiri kuseri kwa makatoni.

Atafika kwathu anafunsa kuti anayambitsa nyanga za pulasitiki ndani.

"Muli naye pamaso panu," anatero a Si Ridha, akudzigunda pachifuwa.

"A Mongi anenanso chimodzimodzi," anatero mayiyo. "Ndi enanso asanu. Ndiye kuti mzinda uno uli ndi anthu asanu ndi awiri amene analota loto limodzi usiku umodzi."

Ferjani anaseka mpaka anatsamwa. Ine ndinangopitiriza ntchito yanga pa makina. Mayiyo anagula nyanga zathu zitatu, analipira 250 yake, nkuzimanga ndi kapepala kolembapo dzina la shedi.

Nkhosa ya Idi yaikulu muyambe kuyang'ana msanga ku msika wa Regueb isanakwere. Ikhale ya nyanga zabwino.

Ndine wanu,
Lazhar

Sfax, Lamulungu, 24 Ogasiti 1986

Amake Nizar,

Moni. Ndili bwino. Mwandifunsa chifukwa chake sindinabwere pa Idi ya nkhosa pamene tchuthi chinalipo. Ndinafika mpaka pokwerera matola, chikwama chili m'manja. Ndinaona kuti munthu wokalamba adye nyama yake mwamtendere, osati moyang'ana kumbali.

Mwalemba kuti chaka chino abweretsa nyanga ndi mabanja awiri okha, a Belgacem ndi amayi amasiye a kuchitsime, ndipo zina zonse agalu akungoyenda nazo m'mudzi. Mwati abambo anayatsabe moto pansi pa mphika, nkukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Ndime imeneyi Monia akanaidumpha polemba sindikanamudzudzula. Kale tsiku ngati limenelo pakhonde pathu pankakhala ngati pa ukwati. Tiyi ankaphikidwa kasanu. Nkhani za malire a minda, za maukwati, za amene wadwala, zonse zinkathera pa benchi ija, munthu dzanja lili pa bondo la abambo, ndipo sukanatha kukangana ndi mnzako uku chala chako chili m'nyanga yotentha. Ine ndinkaganiza za mafuta theka la lita okha. Za benchi sindinaziganize.

Ndatumiza 53. Mwa amenewa 4 ndi a njerwa zokonzera khola mvula isanabwere.

Lazhar

Sfax, Lamulungu, 12 Okutobala 1986

Okondedwa amake Nizar,

Mtendere ukhale nanu nonse. Ndili bwino, chifuwa chinasiya. Kalatayi ndi yaitali, Monia amwe madzi kaye.

Kuno kwabuka dandaulo. Ogulitsa akubweza makatoni, akuti amuna akukana nyanga zathu, sizilowa. Mmodzi wochokera kumpoto anakalipa pakhomo, "Kodi mumapangira ana a sukulu? Chala changa ndichiseme?" Chaka chatha anthu ankangozing'amba m'mbali ndi mpeni, chaka chino atopa nazo.

Lachitatu a Najet anabweranso. Anapempha tebulo, nkukhuthula chikwama chawo. Munali nyanga za mashedi khumi ndi limodzi, zachikasu, zobiriwira, zofiira, zabuluu. Anaziyeza ndi kachitsulo koyezera, nkuzindandalika kuyambira zazikulu mpaka zazing'ono. Anatifotokozera kuti pulasitiki ikamazizira imafota pang'ono, ndiye amene wadinda za mnzake amatulutsa zocheperako, womudinda iyeyo zocheperanso. Mzerewo unkaonetsa poyera amene anatengera kwa mnzake, ngati mbadwo wa banja. Zathu zinali kumutu, za a Mongi pambuyo pake, zomaliza zinali zoti ngakhale Nizar zingamuthine.

"Ndinanena ine!" anafuula a Si Ridha. "Itanani Mongi adzaone agogo ake!"

Mayiyo anati mashedi khumi ndi limodziwo alemba anthu 64 amene chaka chatha analibe ntchito, osawerengera wopanga makatoni ndi a malole. Kenako anatenga nyanga imodzi nkuloza kumphepete.

"Chimene chandivuta ndi ichi. Zonsezi zili ndi timizere tiwiri apa. A Mongi akuti ndi totulutsira thukuta. Wina akuti ndi toti chala chisaterereke. Wina akuti ndi mmene amapangira ku Italy. Inu a Si Ridha mukuti bwanji?"

Abwana anakanda m'mutu, kenako anandiyang'ana. Pa ichi ndiwalemekeza. Anati, "Funsani uyo, nyanga zinali zake."

Amake Nizar, chaka chonse ndakhala ndikutulutsa zinthu zimenezi m'makina, mphinizo ndimaziona, ndinazipala ndekha m'chikombole. Koma kuziona pa tebulo, mitundu yonseyo, m'manja mwa anthu amene sanawaonepo amayi, zinali ngati ndikuziona koyamba. Ndinatulutsa kansalu kaja, ndinaika ziwiri zathunthu ndi zidutswa kumutu kwa mzere. Ndinati ndi chizindikiro cha amayi anga, kuti zawo zisasokonezeke m'dengu. Anali ndi zala zazing'ono.

Ndi Ferjani anayamba: "Ndiye amuna a dziko lonse akhala akulimbana ndi zala za amayi ako?" Sananene moseka.

A Najet anandifunsa zambiri, ndani ankapanga, ankalandira chiyani, pano akuchita chiyani. Anati kafukufuku wawo wawerenga zimene mzinda wapindula, koma tsamba la kumene nzeruyo inachokera likadali loyera, ndipo sangapereke buku lotero. Akufuna kudzaonana ndi abambo. Ndinawauza kuti ine sindingawaperekeze, sanafunse chifukwa.

Adzafika Loweruka pa 25 ndi Hedi. Muphe nkhuku yofiira ija, muphike kusikusi. Abambo muwauze zoona zokhazokha, kuti kukubwera mlendo wofuna kufunsa za nyanga. Mlendo sangamubweze pakhomo, zimenezo ndikudziwa. Dzina langa musalitchule pokhapokha atalitchula okha. Benchi ija muitsuke, muibweze pakhonde.

Ndatumiza 53, ndi 3 wapadera wa shuga ndi tiyi wa mlendo.

Ndine wanu,
Lazhar

Sfax, Lamulungu, 16 Novembala 1986

Okondedwa amake Nizar,

Mtendere ndi madalitso kwa inu, kwa ana, ndi kwa abambo. Ndili bwino kwambiri. Pepani kuti ndachedwa kuyankha, manja anali pa ntchito imene mukuidziwa.

A Najet anafika mu shedi Lachiwiri pa 28 Okutobala, atanyamula botolo la mafuta limene munawapatsa ndi kaphukusi. Inu munali kukhitchini nthawi yambiri, ndiye ndikuuzeni zimene anandiuza, muone ngati zikugwirizana ndi zimene munamvera pazenera.

Akuti abambo anawalandira bwino, koma atangoona chikwama chikutsegulidwa anati, "Mwana wanga, zidole zanuzo bwezani, ine maso anatha." A Najet anati sakufuna maso, akufuna chala. Anawaika imodzi m'manja. Abambo anaigwira monyansidwa, chala chachikulu chikuyenda m'mphepete monga amachitira, kenako chinaima.

"Izi ndi za Hadda."

Anapempha ina, ndi ina, mpaka mashedi onse khumi ndi limodzi anatha. Akuti anafunsa kuti zimenezi zavalidwa ndi anthu angati, ndipo a Najet anati mwa kuwerengera kwawo sangachepere zikwi makumi anayi, kuchokera kumpoto mpaka kumalire a kumwera. Abambo anasisitanso mphini zija ndi chala. Kenako anati, "Hadda sanapitirirepo msika wa Regueb."

Zitatero akuti anayamba kukalipa, ndipo a Najet akuti apa ndi pamene anadziwa kuti zinthu zili bwino.

"Chitsiru cha mwana! Zaka zonse zija ankakhala pambali panga ankayang'ana chiyani? Dzanja la mwamuna ndi la mkazi ndi limodzi? Nyanga imafota ikamazizira, aliyense amadziwa, umasiyira mpata wa njere ya balere. Ndiye iye ndi mabwana ake a makinawo sanadziwe? Akuchititsa manyazi dzina la mayi ake m'minda ya eni!"

Anawasunga mpaka madzulo, kuwaonetsa mphika, kampeni, mmene amasankhira nyanga, iwo akulemba. Akuti anawayezanso zala pa benchi, ndipo adzawapangira zawo za mphini zinayi.

Kaphukusi kaja ndinakatsegula ndili ndekha. Munali nyanga zitatu zakuda ndi mafuta a zaka zambiri, za mphini imodzi. Ndi zawo zenizeni, zimene ndakhala ndikuziona pa dzanja lawo chiyambire ndili mwana. A Si Ridha atamva anatulutsa madinari 50 kuti atumize, koma a Najet anawaletsa. Anati mwini wake wanenetsa kuti sakugulitsa, wabwereketsa. Mawu ake ndi awa, anachita kuwalemba kuti asawaiwale: "Mukamuuze kuti wobwereka ndiye amabweza, ndi manja ake, osati a Hedi."

Chikombole cha amuna tinamaliza dzana. Mchenga ndinapsinja ndekha ndi zala, nyundo sinayandikire. Ferjani ndinamutuma kukagula misomali kutsidya la mzinda tsiku limenelo, ndipo anamvetsa. Mpata wa njere ya balere ndinasiya. Zoyamba zatuluka dzulo, zalowa bwino ngakhale chala cha a Mongi, amene anabwera kudzayesa nkuchoka ndi zitatu m'thumba, akuti ndi za mlamu wawo. Pofika mwezi wamawa mphini ya abambo idzakhala ili m'mashedi onse. Sindikudziwa ngati zimenezi zidzawasangalatsa kapena kuwakwiyitsa, ndidzawauza ndekha. Benchi ija sindingaibwezere anthu ake, zimenezo ndikuzidziwa.

Abwana andipatsa milungu iwiri. Ananyinyirika, koma ndinawauza kuti chikombole chili m'manja mwawo, ine ndili ndi katundu wa eni woti ndikabweze.

Ndalama ulendo uno sinditumiza pa positi, ndibwera nazo. Ndagula nsapato za Nizar, nambala 33, ngati zakula avale ndi masokosi awiri. Ya amayi yosweka ija ndinaimata, mzere ukuoneka koma yagwira. Ndibwera nazo zonse zitatu, zikabwerere m'dengu.

Mwalemba kuti azitona ada kale, anzathu onse ayamba, ndipo Salah akafunsa za mtengo wa agogo abambo amangoti sunapse. Wapsa, amake Nizar. Kungoti munthu sangapulule opanda nyanga zake, ndipo zawo zili m'thumba langa lamkati. Potumiza ankadziwa zimenezo.

Ndidzafika Lachisanu pa 21, matola a masana. Muyang'ane makwerero aatali aja, mwendo umodzi unkagwedera. Nsalu muyale Loweruka kusanache.

Ndine mwamuna wanu,
Lazhar